Nsapato Zopitira ku Carnarvon

Kuno ku Sarina, nzimbe zikayamba kudulidwa mu Juni, fakitale ya shuga siyizima moto mpaka munda womaliza utagwa. Mwamuna akapempha tchuthi nyengo imeneyi, anzake amamufunsa kuti wamwalira ndani. A Lionel Muscat, oyendetsa kasitima konyamula nzimbe, ankanyadira chinthu chimodzi basi: chiyambire ntchito ali mnyamata, sanajombepo tsiku la nzimbe. Mwana wawo atabadwa, uthenga unawapeza ali pa njanji, ndipo anayamba akatula kaye katundu kufakitale. Nkhaniyi ankaikamba okha ku bala, pachifuwa pali nganganga. Akazi awo, mayi Glenys, sankaseka nawo.

Mayi Glenys sanali munthu wopemphapempha. Ankaphika pakantini ya sukulu, Lamulungu n'kumayimba kwaya, zawo n'kumayenda. Chomwe ankalakalaka chinali kukaona chigwembe cha ku paki ya Carnarvon. Chithunzi chake anachidula pa kalendala chaka chomwe anakwatiwa n'kuchimata pa firiji: makoma a miyala yoyera atangoti njo uku ndi uku, kamtsinje pakati, migwalangwa m'mphepete. Mafiriji ankafa n'kugulidwa ena, chithunzicho chinkangosamuka.

Tsoka lake, chigwembecho chimayendeka bwino miyezi yozizira, yomweyo ya nzimbe. Nzimbe zikatha kumabwera dzuwa losweka mtengo, kenako mvula yotseka misewu. Kampata ka Epulo ndi Meyi kanalipo, koma ndi pomwe amakonza njanji, ndipo a Lionel sankakhulupirira kuti pali mnyamata angamange bawuti iwo palibe. Akazi awo akafunsa, yankho linali lomwelo, lakuti nzimbe zikatha. Anzawo mpaka anawapatsa dzina loti a Zikatha, eni ake n'kumavomera.

Chaka chomaliza cha a Lionel pantchito, dokotala wa ku Mackay anawauza mayi Glenys kuti maso awo akutha, kuyambira pakati, ndipo mankhwala akanika. Ananena mosapsatira kuti ngati pali chomwe akufuna kuona, achione chisanu chomwechi. Kapitawo atamva, anauza a Lionel kuti atenge masabata angapo, sitima siyingalire. Iwo anakana. Akuti munthu sangaipitse mbiri yake pa chaka chomaliza, Novembala, pomwe nzimbe zimatha, si kutali. Ine nkhani ikafika pamenepa ndimapsa mtima, chifukwa bamboyu sanali wankhanza, akazi ake ankawakonda zenizeni. Koma zengerezu adalinda kwawukwawu.

Pofuna kusonyeza kuti ulendo uno si nkhambakamwa, anagula kalavani yakale, kanyumba kokoka ndi galimoto, n'kuyiimika pabwalo. Anaguliranso akazi awo nsapato zoyendera m'mapiri, zachikopa, zolimba ngati chiboda cha ng'ombe. Wogulitsa anachenjeza kuti nsapato zotere zimayamba zazolowera phazi, apo ayi zimatulutsa matuza. Mayi Glenys anawagwiritsa mawuwo. M'mawa uliwonse ankazivala n'kutsata kanjira ka m'mbali mwa njanji, pakati pa minda, ndipo kasitima ka amuna awo kakamadutsa ankabayibitsa, iwo n'kuliza hutala.

Cha mu Seputembala, anzawo a Lionel anayamba kuwaseka kuti asamale, mayi aja ayamba kubayibitsa dalaivala aliyense. A Lionel anaseka nawo mwachiphamaso. Anadziwa kuti akazi awo sakuthanso kusiyanitsa sitima, akungotsata phokoso. Tsiku limenelo anafika kunyumba atatsimikiza zokapempha tchuthi. Kutacha anatenga chikho chawo cha tiyi n'kupita kuntchito, tchuthi chija osapempha.

Mvula inabwera msanga, makina odulira nzimbe n'kumatitimira m'matope, ntchito inakoka mpaka Khirisimasi. Kufakitale anawachitira phwando lotsanzikana, anawapatsa wotchi, anawaombera m'manja. Kenako dzinja linagwa lenileni, misewu yakumtunda n'kutsekeka.

Kumwamba kutayera mu Epulo, a Lionel anapopa mateyala, anadzaza madzi m'zigubu, analongedza mabulangete, zitini za nyemba ndi mabisiketi omwe akazi awo amakonda. Atamaliza anapita pakhonde pomwe mayiwo anakhala akuwothera dzuwa, n'kuwauza kuti mawa ndi ulendo.

"Madala, khalani pansi," anatero mayi Glenys. "Khoma la chigwembe ndi chitseko cha firiji, kwa ine n'chimodzimodzi tsopano. Mukangotha mafuta."

"Tiyeni basi, Glen. Ndizikakufotokozerani chilichonse."

"Inuyo? Zaka zonsezi munandiuzapo mtundu wa diresi langa?"

Ananena akuseka, popanda mkwiyo, ndipo n'zomwe zinawapweteka kwambiri a Lionel. Bola akanawalalatira. Mayiwo anapapasa pansi pa mpando, natulutsa nsapato zija atazimanga pamodzi ndi zingwe zake. Anati azipititse ku kaunjika wa kutchalitchi, mwina wina wa phazi ngati lawo angakafike nazo. Nanga si zatsopano, sizinapite kulikonse.

A Lionel anazilandira n'kuzitembenuza. Kunsi kunali kutaperepeseka kwati see, zidendene zitadyeka mbali imodzi, ndipo yakumanzere inali itabooka kabowo kolowa chala. Matope ofiira a m'minda ya nzimbe anali ataumira m'misoko.

"Zikadali zabwino, eti?" anafunsa mayi Glenys.

"Zatsopano," anayankha a Lionel.

Anakhala pasitepe, nsapato zili pamiyendo. Misozi inatsika, iwo atatseka pakamwa ndi dzanja, chifukwa makutu a akazi awo anali akadali akuthwa.