Mlandu Umene Mayi Ndondomeko Anasenza

Tsiku limene a Makiyi anakumana koyamba ndi Mayi Ndondomeko, anangotsala pang'ono kuwatulutsa m'holo. A Makiyi ndiwo ankasamalira holoyo, ndipo dzinalo linachokera ku mulu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwawo. M'mawa umenewo anali atandanda mipando mazana atatu, msana ukuwawa. Kenaka munalowa mayi wamfupi, kope lili m'khwapa, wotchi yachimuna pamkono. Moni sanapereke. Anayenda pakati pa mipando atatambasula mikono, nanena kuti njira yachepa, diresi la mkwatibwi likola, ayambirenso.

"Kodi inu ndinu yani?" anafunsa a Makiyi.

"Ndine amene nditukwanidwe diresi likang'ambika. Nyamulani mipando, bambo."

Kuyambira pamenepo anagwira ntchito limodzi zaka makumi awiri ndi zitatu.

Mayiwo anali woyendetsa maukwati. Ankadziwa nthawi yoti keke ilowe, galimoto yoti itsogole, ndi wolankhula woyenera kumulanda maikolofoni. M'chikwama mwawo simunkasowa singano, ulusi, mapini ndi mankhwala a mutu. Koma ntchito yawo yeniyeni, imene sinkalembedwa m'kope, inali kusenza mawu oipa a eni ukwati. Banja likaopa kuti malume woledzera achititsa manyazi, linkanong'oneza mayiwo, iwo n'kukamuuza kuti ndondomeko yadzaza. Apongozi akadana ndi kwaya ya kuchikazi, wokaithamangitsa anali iwo. Madzulo mabanja awiri ankatuluka akuseka, atagwirizana pa chinthu chimodzi: kuti mayi uja ndi wamwano, wouma mtima. A Makiyi ankasesa maluwa ofota mano ali gwa, chifukwa ankadziwa amene anatuma mawu alionse.

Umene a Makiyi sanauiwale ndi ukwati wa mwana wa wosoka nsapato.

Bamboyo ankakhala pansi pa mtengo pafupi ndi pokwerera basi, mwendo umodzi wopuwala, zala zakuda ndi polishi. Ndi zala zomwezo anaphunzitsa mwana wake wamkazi mpaka kupeza ntchito ya mu ofesi, ndipo tsopano mwanayo ankakwatiwa kubanja la anthu olemera. Kwa mwezi wathunthu bamboyo ankapempha a Makiyi kuti amutsegulire holo masana. Ankayeserera kuyenda kuchokera pakhomo mpaka kutsogolo, mkono ataupinda ngati wagwira munthu, kuti patsikulo asadzatsimphine kwambiri.

Litatsala tsiku limodzi, mkwatibwi anakokera Mayi Ndondomeko m'chipinda chosungira mipando, osadziwa kuti a Makiyi akupukuta matebulo kuseri. Ananena kuti womulowetsa m'holo akhale malume ake a galimoto, bambo ake akhale kumbuyo, ndipo auzidwe kuti limeneli ndi lamulo la woyendetsa mwambo. Mayiwo anamukalipira mpaka mawu kusasa. Anamufunsa ngati sukulu imene anapita inali yophunzitsa kuchita manyazi ndi womubereka. Mtsikanayo sanagwetse ngakhale msozi. Anati ngati iwo akana, akawauza yekha bambo akewo pamaso, ndi chifukwa chake chomwe.

M'mawa mwake a Makiyi anaona mayiwo akupita kwa bamboyo, amene anali ataima pakhomo mu suti yobwereka. Anamuuza kuti nthawi yatha, mayendedwe ake achedwetsa mwambo, akakhale kumbuyo.

"Mwana wanga akudziwa zimenezi?"

"Sakudziwa. Pano wolamula ndine."

"Mulungu akuoneni, mayi," anatero bamboyo.

Bamboyo ankafotokozera nkhaniyo aliyense wobwera ndi nsapato yong'ambika. Inayenda m'mabasi, m'misika, m'matchalitchi: mayi wonyoza olumala. Mabanja anayamba kufuna oyendetsa ena, ndipo kope lija linayamba kukhala ndi masamba oyera. Mkwatibwi anali chete kunyumba yake ya mpanda. A Makiyi magazi ankawira. Katatu konse ananyamuka kuti akaulule pansi pa mtengo paja, ndipo katatu konse mayiwo anawatsekereza.

"Panopa munthu uja ali ndi mwana, ndiponso ali ndi mdani," ankatero. "Mukakayankhula, mdani achoka, mwananso achoka. Atsala ndi chiyani? Nsapato za eni?"

A Makiyi ankayankha kuti bodza lotere limanenepetsa anthu oipa. Mayiwo sankatsutsa.

Atakalamba, Mayi Ndondomeko anadwala matenda oumitsa ziwalo, dzanja lamanzere n'kufa. Ankakhala pakhonde la kanyumba kawo, ndipo mwa anthu onse amene anawayendetsera maukwati, panalibe wobwera kudzawaona. Wobwera anali a Makiyi okha, nawonso atapuma ntchito. Masana ena, a Makiyi ali pomwepo, panaima galimoto. Anatsika mkwatibwi uja, tsopano mayi wonenepa, atanyamula paketi ya shuga. Anakhala m'mphepete mwa mpando, nafotokoza kuti bambo ake maso anafa, anawatenga, akukhala nawo kwawo. Anazungulirazungulira, kenaka anafunsa chimene anabwerera: ngati mayiwo anauzapo munthu wina za tsiku lija, poti achibale amabwera kudzazonda nkhalambayo ndipo anthu salephera kulankhula.

Kupepesa ayi. A Makiyi anadikira mawu amenewo, koma sanatuluke.

"Akunditukwanabe bambo ako?" anafunsa Mayi Ndondomeko.

"Tsiku lililonse."

"Ndiye palibe chawonongeka. Pita ukawasamale. Kuno usadzabwerenso."

Galimoto itachoka, a Makiyi anatola shuga uja kuti amuponye kumsewu, akutchula mawu amene munthu wa msinkhu wawo sayenera kutchula. Mayiwo anawakodola ndi dzanja lamoyo lija.

"Shugayo walakwa chiyani, achimwene? Taterekani madzi timwe tiyi."

A Makiyi analowa m'khitchini akung'ung'udza, naika ketulo pamoto mwamphamvu mpaka madzi kutayikira. Tiyi wa mayiwo anathiramo masupuni atatu. Wawo anamwa wopanda shuga.