Mtsikana wa Mkuku Woyandikana Nane

Ku Masi, komboni ina ya kudziko la eni kuja, tinali ndi lamulo lomwe palibe analilemba: mlendo akafunsa za Mmalawi mnzako, umati sukumudziwa. Kaya wavala yunifolomu, kaya wanyamula Baibulo, yankho linali lomwelo. Ambiri mapepala awo anali atatha, ena analibiretu, ndiye kuloza khomo la mnzako kunali kumukweza galimoto yobwerera kumudzi chimanjamanja. Ine ndinkaluka tsitsi pakhomo pa mkuku wanga, tinyumba tathu ta malata tija, ndipo lamuloli ndinkalisunga kuposa Malamulo Khumi.

Mumkuku woyandikana nane munkakhala mtsikana wa ku Mzimba, wofatsa mpaka kukwiyitsa, yemwe ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Noordhoek. Tsiku lina sanabwereko. Tinamva kuti ndolo za madamu ake zasowa ndipo apolisi amutengera konko. Patapita masiku kunabwera wapolisi pabwalo pathu kudzafunsa ngati mtsikanayo amakhala pamenepo. Anatipeza pampopi. Mayi wina wa ku Mangochi, amene mtsikanayo ankamulerera mwana kawirikawiri, ndiye anayamba kupukusa mutu, ife n'kutsatira. Wapolisi atapita tinayamikizana kuti tamubisa bwino mwana wa eni.

Dzinja lija la mvula yodontha m'malata litafika, mtsikana asanatulukebe, kunabwera mayi wina wachiXhosa, wojintcha, wa duku lobiriwira. Anati ali m'gulu la amayi omwe amayendera akazi anzawo m'ndende ndi kukhala m'makhoti kumvetsera milandu, kuti anthu asamaiwalidwe m'menemo. Ine ndinkamuyang'ana nsapato. Zinali zakuda, zolimba, ngati zomwe amavala apolisi. Nanga bwalo lathu analidziwa bwanji? Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo komweko kamachekanso, ndiye tinamuuza kuti wasochera.

Sanatope. Anabweranso, n'kubweranso, mpaka tsiku lina anadzangokhala pampando wanga, n'kuvula duku kuti ndimuluke. Kasitomala sathamangitsidwa. Ndinkamukoka tsitsi dala kuti amve kuwawa, iye osadandaula. Tili pakati anayamba kulankhula m'Chingerezi chake chosakaniza, osatembenuka.

"Sisi, mtsikana uja anatchula bwalo lino. Khoti linatuma wapolisi kudzaona ngati n'zoona. Inu munati simukumudziwa. Munthu wopanda pokhala sapatsidwa belo."

Chipeso chinandigwa m'manja. Komabe sindinamukhulupirire, chifukwa wofuna kukugwira amayamba n'kukumvetsa chisoni. Ndinamufunsa kuti amene amamulipira ndani. Anaseka n'kunena kuti akanakhala wolipidwa sakanabwera kwa woluka wankhanza ngati ine. Kenako anandiuza kuti chofunika n'choti munthu mmodzi akaime m'khoti, akanene kuti mtsikanayo amakhala pano.

Madzulo ake pabwalo panali mkangano. Wina ankati ndi msampha, akufuna atigwirire pamodzi ngati mbewa. Wina ankati ukangolowa m'khoti dzina lako limapita kwa a zolowa ndi kutuluka. Mapeto ake onse anayang'ana ine, poti pepala langa linali lisanathe. Umunthu wa anzanga pamenepo unandidabwitsa: aliyense ankamukonda mtsikanayo, bola akaime ndi ine. Ndinavomera, koma ndinali ndi mantha, ndipo ndinasiya makiyi kwa mayi wa ku Mangochi kuti ndikapanda kubwera atumize katundu wanga kumudzi.

M'khoti ndinapeza amayi a gulu lija atadzaza mabenchi akumbuyo, achiXhosa, amakaladi, ngakhale mzungu mmodzi wokalamba. Anangokhala chete, manja pamiyendo, maso kutsogolo ngati pamaliro. Wa duku lobiriwira anandinong'oneza kuti iwo akakhalapo, milandu siingokankhidwira mwezi wamawa popanda chifukwa. Ine maso anali kukhomo, kuwerengera kuti akabwera kudzandigwira nditulukira pati.

Atamulowetsa mtsikanayo ndinachita kumuzindikirira m'mayendedwe. Anali atatha, tsitsi lomwe ndinamuluka lija atalimeta. Woweruza anandifunsa ngati ndikumudziwa, ndinati eya, timagawana mpopi ndi khoma. Za pepala langa palibe anafunsa, zomwe zinandikayikitsanso, chifukwa boma silimaiwala kufunsa. Belo anamupatsa tsiku lomwelo, ndipo mlandu unadzathera m'malere madamu aja atasiya kubwera kukhoti.

Tinamulandira ndi nthungululu. Koma sipanathe nthawi, anayamba kuyenda ndi amayi aja, kukaona omwe anawasiya m'ndende ndi kumathandiza amayiwo kulankhula ndi a ku Malawi omwe Chingerezi chimawavuta. Apa manong'onong'o anayamba. Munthu amatuluka bwanji kumalo kuja ulere? Anawalonjeza chiyani? Akafika pampopi nkhani inkaduka. Mayi wa ku Mangochi anasiya kumupatsa mwana. Nanenso makasitomala ena anandithawa poti ndinalankhula m'khoti, ndipo kunena zoona, mtsikanayo akabwera kudzacheza ndinkasankha mawu, osatchula amene wangofika kumene kapena amene pepala latha. Mpaka lero sindidziwa kuti amayi aja ankauza yani zomwe ankamva.

Chilimwe chisanathe mtsikanayo anapeza malo ku Philippi, komboni ina yakutali. Ndinamuthandiza kumanga zovala m'chitenje, ndikumuuza kuti anthu aiwala, adikire pang'ono. Anamanga mfundo yomaliza, n'kukhala kaye pamwamba pa katunduyo.

"Achemwali, musavutike," anatero. "Kundende kuja zinthu zinali zowawa, koma anthu ankandilankhula."