Kachipinda ka Makina Osasunga Mayina

Ndinkagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Senga Bay pamene kompyuta ija inabwera. Inali yakale, yotuwa, ndipo anaiika m'kachipinda kosungiramo mashiti ndi matawulo, poti ndi momwe waya wa dishi ya intaneti ankalowera. Anabwera nayo ndi mphwawo wa eni loji, injiniya wa ku Lilongwe, munthu wolankhula mothamanga ngati minibasi ikumusiya.

Anandifotokozera kuti m'mayiko osiyanasiyana muli anthu amene amangopereka makompyuta awo kuti mauthenga a anzawo azidutsiramo. Munthu akafuna kuwerenga kapena kulemba zinthu pa intaneti popanda womulondola, uthenga wake umamatidwa n'kudutsa m'makina angapo motsatizana. Yathuyi inali ya pakati. Inkalandira phukusi lomata kuchokera kwa inzake n'kupatsira ina, osadziwa mwini wake kapena komwe likathere. Ndipo sinkalemba paliponse kuti kwadutsa chiyani.

"Nanga ife tipezapo chiyani, achimwene?" ndinawafunsa.

"Palibe, achemwali. N'kungothandiza."

Mumtima ndinati anthu ophunzirawa ali ndi nthawi yotaya. Koma makiyi anandipatsa ine, ndipo mawu achinsinsi otsegulira anandiuza kuti ndiloweze pamtima, ndisalembe ngakhale pachikhatho.

Kusamala chinthucho sanali masewera. Magetsi akathima batire la kompyutayo linkalira, ine n'kusiya mlendo ali chiimire, kuthamangira kukaizimitsa bwinobwino lisanathe. Nyengo ya nkhungu, tizilombo touluka tochokera m'nyanja, tinkalowa mpaka m'fani, ndiye ndinkatsegula chivundikiro n'kumachotsa ndi kaburashi ka mano. Mitambo ikada ndinkazula waya wa dishi kuopa mphenzi. Nyerere nazo zinkaona ngati tawamangira nyumba. Nthawi zina injiniya uja ankaimba foni kuti kwapezeka mpata woti akuba angalowere, ndipo ankanditchulira zilembo chimodzichimodzi, ine ndikutayipa, mpaka pulogalamu yatsopano italowa. Mlendo wina anandinyengerera kuti agwiritseko ntchito kompyutayo pang'ono, poti ina ya alendo inali ndi mzere. Ndinamukaniza, ndipo anachoka akunditukwana m'chiyankhulo chakwawo.

Anzanga a kuntchito anayamba kunditcha mayi a kachipinda. Ndinkaseka nawo. Sindinaganize kuti nthabwala imeneyo ikafika kwa achimwene anga enieni.

Achimwenewo ndi oyamba kubadwa m'banja mwathu, ndipo ankalima ku Chitala. Nthawi ya chipani chimodzi anamangidwapo. Analankhula kanthu pamaliro, wina n'kukanena, galimoto n'kubwera. Anabwerako patapita zaka, mano ena palibe, ndipo za kumeneko sankazikamba. Titavotera zipani zambiri anayamba kumasuka pang'onopang'ono. Pofika nthawi ya kompyutayi, ankabwera panjinga kudzagulitsa tomato ndi mpunga wa ku Chinguluwe m'maloji, kenako n'kudzadya kwanga masana, akunyoza andale onse mofanana, mokweza, mpaka ana kugubuduka ndi kuseka. Ine zimenezo zinkandisangalatsa kwambiri, chifukwa ndinali nditawaonapo ali chete zaka zambiri.

Tsiku lina akutsitsa tomato kukhitchini, wophika wathu, munthu wapakamwa, anawauza kuti, "Mlongo wanuyu musamuone chonchi, bambo. Ali ndi kachipinda kokhoma komwe mawu a anthu amadutsa. Makiyi amayenda nawo m'chiuno."

Masana amenewo achimwene anadya pang'ono. Anakamba za mvula, za mtengo wa feteleza, n'kutsanzika. Ulendo wotsatira anati afulumira. Ulendo wachitatu anangondipatsa moni pageti ali panjinga, phazi limodzi pansi, akunditchula kuti "inu", ine amene anandibereka kumsana. Alamu anga, akazi awo, ndi amene anandiululira titakumana pamsika ku boma. Anati achimwene alangiza ana kuti pamaso pa azakhali awo asamakambe chilichonse chomveka kunyumba.

Ndinapsa mtima kaye. Ine kazitape? Ine amene ndinkayenda ndi mayi kupolisi kukafunsa komwe awapititsa, tikuthamangitsidwa ngati nkhuku? Koma mkwiyo utatsika kunatsala mantha. Ndinkaopa kuti ndawabwezera kuchete kuja, ndipo ulendo uno sadzatulukako. Ndinayambanso kudzifunsa ndekha ngati ndinkadziwadi chimene ndinkasamala. Zonse ndinangouzidwa ndi munthu mmodzi. Ndikalowa m'kachipindamo n'kuona kagetsi kobiriwira kakuphethira, ndinkayamba kukayika. Ndinamuimbira injiniya uja n'kumupanikiza ndi mafunso mpaka anatopa nane. Anandionetsa malo m'makinamo pomwe zolemba zikanakhala, ndipo munalidi mopanda kanthu. Komabe ndinali nditaganiza kale kuti achimwene akanena kuti ndisiye, makiyi ndibweza tsiku lomwelo.

Atabweranso ndi tomato ndinawadikirira pageti, n'kugwira chiwongolero cha njinga.

"Achimwene, tiyeni mukaone nokha. Mukakana, ndikhala pansi pompano mpaka abwana andichotse ntchito."

Anandiyang'ana, n'kuyedzeka njinga pamtengo. Tinalowa. M'kachipindamo munkanunkhira sopo, fani ikulira pang'onopang'ono. Anaima pakhomo penipeni, chipewa chili m'manja. Ndinayatsa sikirini n'kuwaonetsa manambala akusinthasintha, ndikufotokoza zonse monga ndinauzidwira: phukusi lomata, makina angapo, ife apakati.

"Panopa akudutsa ndani?" anafunsa.

"Sindikudziwa, achimwene."

"Akunena chiyani?"

"Sindikudziwa."

Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Iwe, mawu amenewo ndinawamva. Nditatuluka ndinafunsa mudzi wonse kuti anakandinenera ndani. Aliyense anati sindikudziwa. Amene ananditenga, mayi atafunsa, anatinso sitikudziwa. Lero nawenso?"

Chinthu chokhacho chimene makinawo ankanyadira ndi chomwe achimwene sakanachikhulupirira pakamwa pa munthu aliyense. Ndinamasula makiyi pachitenje n'kuwaika pamulu wa matawulo.

"Nenani ndizimitse, ndizimitsa muli pomwepa. Ntchito imeneyi sindilipidwa. Inu ndinu achimwene anga."

Makiyiwo sanawakhudze. Anasendera pafupi n'kuwerama, akuyang'ana kumbuyo kwa kompyuta komwe mawaya ankalowa.

"Apolisi akabwera, akachinyamula chinthuchi?"

"Akhoza kuchinyamula."

"Akakachitsegula kumeneko, akachipanikiza, chinena chiyani?"

"Palibe choti chinene. Chinapangidwa dala kuti chisamve dzina la munthu. Ngakhale ine atandimanga, ndingawapatse mawu otsegulira, akalowa akapeza mopanda kanthu."

"Ngakhale atachimenya?"

Ndinatsala pang'ono kuseka, koma nkhope yawo inandiletsa. "Ngakhale atachiphwanya ndi hamala, achimwene."

Anakhala pansi pa katoni ya sopo. Kunja wina ankakolopa khonde, ndipo belu la pamalo olandirira alendo linalira, ine osasuntha. Anakhala akupotokola chipewa chija nthawi yaitali.

"Ine ankandimenya ndili ndi mayina m'mutu," anatero motsitsa mawu. "Anandifunsa amene ndinali nawo pamaliro paja. Ndinalimba, ndinalimba, kenako ndinatchula awiri. Mmodzi anabwerako. Winayo mkazi wake amandipatsabe moni kutchalitchi."

Ndinakhala pansi pasimenti. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti achimwene amaopa anthu okanena anzawo. Sindinaganizepo kuti akamayang'ana munthu wosunga mawu a ena, amaona zomwe zinawachitikira iwo, ndipo amadziwa kuti mlongo wawo sangalimbe kuposa iwowo. Ndinawamvera chisoni chimene sindinachimvepo.

Belu linaliranso. Achimwene anaimirira, anatola makiyi aja pamatawulo n'kundiika m'manja.

"Khoma bwino," anatero. "Ndipo iwe, wina akadzafuna kukuphunzitsa kuona amene akudutsa, udzakane."