Dzina Langa M'magazini ya Sukulu

Ndikukumbukira fungo la laibulale ya ku Woolwich, kutsidya kwa nyanja kumene tinkakhala, fungo la majasi onyowa ndi mapepala akale. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene aphunzitsi anatiuza kuti aliyense alembe mbiri ya mlembi wina wakale. Ine anandipatsa mayi wa ku America, mmodzi mwa oyamba kulemba mabuku a nthano zazitali dzikolo litangodziimira palokha.

Mayiyu anandigwira mtima. Ankalemba mwana ali pamiyendo, uku abusa akulalikira kuti mabuku otere amawononga atsikana. Buku lake loyamba linatuluka lopanda dzina, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankati analemba ndi mwamuna. Zinandiwawa ngati woberedwayo ndine. Ndinalemba masamba asanu mpaka chala kutupa, ndipo aphunzitsi anati nkhaniyo ilowa m'magazini ya sukulu.

Vuto linali kunyumba. Bambo anathawa ku Malawi chifukwa cha ndale, ndipo lamulo lawo linali lakuti dzina lathu lisaoneke papepala losindikizidwa. Makalata opita kumudzi ankadzera ku Zambia, atasainidwa dzina la munthu amene kulibe. Ankaopa kuti akazitape a boma akaona dzina lathu, achimwene awo otsala ku Dedza atengedwa. Bambo anandiuza kuti ndikapemphe aphunzitsi angolemba kuti "wophunzira wina".

"Ndiye mukufuna ndikhale ngati mayi uja?" ndinafunsa.

"Mayi ujayo analibe m'bale woti angamangidwe," anatero.

Ine nkhutukumve, m'mawa mwake ndinakauza aphunzitsi kuti alembe dzina lonse, n'kuwatchulira chilembo chimodzichimodzi. Magazini itatuluka ndinaipereka kwa bambo ndi manja awiri, ndikudikira lamba. Anawerenga mpaka kumapeto. Kenako anatenga lezala, nadula dzinalo mosamala, ngati kuti magazini ena onse sanali kale m'zikwama za anzanga. Ndinalira tsiku lonse, koma sindinapepese.

Ku Dedza sikunachitike kanthu, ngakhale ndinatha miyezi mtima uli m'mwamba kalata iliyonse ikafika. Masiku ano ana anga amamwaza maina awo pafoni ngati chimanga cha nkhuku, popanda wowaletsa, ndipo mantha aja sangawamvetse. Bambo atamwalira, m'kachikwama kawo ka m'thumba tinapeza kapepala kachikasu, kakang'ono ngati chikhadabo. Linali dzina langa lija.