Timadontho toyera pa nsomba yanu

Achimwene, lero chakwana chaka chitisiyireni inu, ndipo nsomba yanu yachikasu ija, ya m'madzi amchere yomwe munabwera nayo kuchokera ku Beira, yadwala. Thupi lonse lili timadontho toyera. Sabata yonseyi imadzikhula pamiyala m'thanki muja, ine n'kumati ikusewera.

Ndakumbukira tsiku lija kwanu ku Nchalo, mukuviika inzake yodwala m'madzi opanda mchere kwa kanthawi kuti tizilombo tiyoyoke. Munati, "Iwe, nsomba siibuula. Uziyang'anitsitsa." Pamenepo n'kuti lamba wanu mutaboola kale bowo lina, thalauza likukhwepa, koma ine maso ali pa nsomba. Ndaiviika m'mawa uno monga munandiphunzitsira, ndipo ikupuma bwino. Iyi ndaipeza msanga. Koma matenda anu ndinachedwa kuwaona, achimwene. Ndikhululukireni.