Wolowa ndi Mkwatibwi Sindinali Ine

Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo, anakwatiwa ndi mnyamata wachimwenye wobadwira mu Nairobi momwemuno. Zoti ndi Mhindu sizinandivute monga momwe anzanga a kutchalitchi ankayembekezera. Mnyamatayo ndinkamudziwa, ndi waulemu, ndipo ananena yekha kuti sadzamuletsa mkazi wake kupemphera kumene anakulira. Chimene chinandidya mumtima ndi china, ndipo ndichinena ngakhale n'chochititsa manyazi. Ndinkafuna kuti tsiku la ukwati, wolowa naye mwanayo pamaso pa anthu ndikhale ine.

Musandiseke msanga. Kwathu ku Dowa ana ndi akuchikazi. Bambo amabereka, amalera, koma ikafika nkhani yaikulu amauzidwa kuti akhale kaye pambali, alankhule mwini mbumba. Ine ndagwira ntchito ku Gigiri, muno mu Nairobi, zaka zambiri, ndipo mumtima ndinkati zimenezo ndinazisiya kutali. Mwanayu tinamulera awiri ndi mayi ake m'nyumba ya lendi, popanda malume aliyense wodzamuzonda atadwala chikuku. Komanso ndine mkulu wa mpingo. Ndalowetsapo ana a eni ake m'tchalitchi pamene abambo awo analephera kubwera kuchokera kumudzi. Ndiye wanga yemwe ndimuonerere?

Tinagwirizana kuti dalitso la kutchalitchi lidzachitikire kumudzi, koma mwambo wa muno ukhale wa kwa mwamuna. Choncho Loweruka lina masana tinapita kukachisi wawo ku Parklands kukaonana ndi wansembe, amene anthu ake amati panditi. Ndinavala jekete, m'thumba n'kuika pepala la ndondomeko yanga ya maukwati. Tinapeza bambo wamfupi, wopanda nsapato, atavala nsalu yoyera, akudalitsa galimoto yatsopano pabwalo. Anaika mandimu kutsogolo kwa matayala, mwini galimoto n'kuwaponda. Ndinanong'oneza mkazi wanga kuti, “Amenewa ndiye atimangire ukwati?” Iye anangonditsina pantchafu.

Chipongwe changa sichinakhalitse. Titakhala pansi ndinawafunsa ansembewo kumene anaphunzira, mwa mafunso aja timafunsa tikafuna kuyeza munthu. Anayankha m'Chingelezi chofatsa kuti bambo awo anawapereka ali wamng'ono kusukulu ya ansembe ku India. Anakhalako zaka zoposa khumi, akuloweza mapemphero a chinenero chawo chakale kuchokera pakamwa pa mphunzitsi, ndipo ukalakwitsa pang'ono unkayambiranso.

“Koma zimene ndimagwiritsa ntchito kwambiri ndinaphunzirira kuno,” anatero. “Kwathu wina amatumikira m'kachisi, wina amamanga maukwati, wina amayendetsa maliro. Kuno zonsezo ndi ine ndekha. Mwana akabadwa amandiitana, munthu akagonekedwa m'chipatala amandiitana, banja likakangana amandiitananso. Ndinachita kuphunzira Chingelezi, Chiswahili ndi kuyendetsa galimoto. Ndinaphunziranso kufupikitsa mwambo ndi kufotokoza tanthauzo la chilichonse, chifukwa ana a kuno ukangowaimbira osawafotokozera amatulutsa foni.”

Ine maphunziro anga a ukulu wa mpingo anali a masabata awiri, kuphatikizapo kabuku kamodzi. Ndinayang'ana mwana wanga, yemwe amayasamula ndikamatsogolera mapemphero a pabanja, ndipo ndinamuona ali tcheru, akulemba zonse m'kope. Nsanje inayambira pomwepo, ndipo pepala langa lija silinatuluke m'thumba.

Kenako ansembe anayamba kufotokoza mwambo. Anati kwa anthu a mtundu wa mkwatiyo, mkwatibwi amalowa naye ndi mlongo wa mayi ake. Anatembenukira kwa mkazi wanga. “Mayi, kodi muli ndi mlongo wanu?”

Mkazi wanga anaomba m'manja n'kuseka. “Ngati kwathutu! Alipo, achimwene anga aakulu.”

Ndinalowererapo msanga. Ndinati alamu angawo ali kutali, ndi mlimi, alibe ndi pasipoti yomwe, ndipo bambo angathe kugwira ntchitoyo. Ansembe anavomera kuti zimatheka, koma m'malo momalizira pamenepo anafunsa mwini wake, mkwatibwiyo.

“Adadi, musakwiye please,” anatero mwana wanga. “Ndikufuna amalume abwere. Inu mwandiperekeza kale everywhere.”

Ndinamwetulira ndi mano okha.

Alamu anga anatera pabwalo la ndege ku Embakasi kutatsala masiku anayi kuti ukwati uchitike. Ndi munthu wamtali, mlimi wa fodya, ndipo aka kanali koyamba kukwera ndege. Mwanayo anamuona komaliza ali wamng'ono wosadziwa kupukuta mamina. Koma taonani, mtsikana amene ine amangondipatsa moni akudutsa, anagwada pasimenti pamaso pa anthu onse n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Ine ndinanyamula chikwama.

M'mawa mwake ndinawatenga ku Eastleigh kukawasankhira suti. Pobwerera tinatsekeredwa pakati pa mamatatu, maminibasi a kuno, ndi ngolo zokoka ndi manja, ndipo tili chiimire choncho, alamu anatsokomola.

“Alamu, tandiuzani zoona,” anatero. “Kumeneko si kopembedza mafano?”

Ndikanatha kuwakhazika mtima pansi ndi mawu awiri. Ndinkadziwa bwino kuti ntchito yawo ndi yongoyenda basi. Koma ndinapumira m'mwamba ngati munthu wolemedwa.

“Moto umakhalapo, alamu. Zifanizo ziliponso, china cha mutu wa njovu. Kaya a kumpingo kwanu akadzaona zithunzi adzati chiyani.”

Palibe bodza limene ndinanena, ndipo ndi mmene ndinadzitonthozera. Titafika kunyumba alamu anauza mlongo wawo kuti iwo adzangokhala kumbuyo, za kulowa ndi mwana ayi. Mwana wanga anakadzitsekera kubafa n'kutsegula mpopi kuti tisamve kuti akulira. Ndivomere, tsiku limenelo ndinadya bwino.

Sindinadziwe kuti mwanayo waimbira foni ansembe aja. Tsiku lotsatira chakumasana anafika pakhomo pathu pa kagalimoto kawo kakale, navula nsapato asanauzidwe. Alamu sadziwa Chingelezi, ndiye mkazi wanga anati, “Abambo, popeza ndi nkhani ya amuna, tamasulirani ndinu.” Iye anakhala pampando wapafupi, maso ali pa ine, ndipo Chingelezi amachimva bwino lomwe. Kukhotetsa mawu kunali kosatheka.

Ndinkayembekezera kuti ansembe ayamba kunyengerera, koma iwo anafunsa funso. Anati alamu awauze mmene timaperekera mwana wamkazi kwathu. Alamu anayamba mwamanyazi, kenako anamasuka. Anafotokoza za chinkhoswe, za tambala ndi msoti zimene mbali ziwiri zimapatsana, za lichero ndi nkhwangwa, za atsikana ofunditsidwa zitenje kuti akuchimuna apeze wawo. Ansembe anaseka mpaka kupukuta misozi, nati kwawonso amatchinga nsalu pakati pa mkwati ndi mkwatibwi. Anthu awiri amene sanamvane liwu ndi limodzi lomwe ankagwirana manja ngati anakulira limodzi, ndipo zonsezo zinkadutsa pakamwa panga.

Pamapeto ansembe anati, “Auzeni kuti sadzagwadira chilichonse, sadzanena chilichonse. Adzayenda naye kuchokera pakhomo mpaka pamene pakhale ine, n'kuima. Ngati mtima wawo ukukanabe, asadzikakamize. Sindifuna munthu wochita zimene chikhulupiriro chake chikumuletsa.”

Ndinamasulira zonse. Alamu anaganiza pang'ono, kenako anandigwira paphewa.

“Alamu, munthu uyu ndi wophunzira. Auzeni kuti ndavomera.”

Ndinawauza ndine.

Ukwati unachitika m'mawa, m'holo ya pakachisipo. Ine ndi mkazi wanga anatikhazika pansi pa kachisakasa ka maluwa, pafupi ndi kamoto kakang'ono. Ntchito yanga yoyamba inali yosambitsa mapazi a mkwati. Tangoganizani, mkulu wa mpingo wa imvi zake kugwada pamaso pa mkamwini! Koma ndinasambitsa.

Kenako nyimbo inasintha, anthu onse anatembenukira kukhomo. Mwana wanga analowa atavala nsalu yofiira ya kwa mwamuna wake, atakolowekana mkono ndi alamu, amene ankayenda mu suti yosankha ine ngati akhala akuchita zimenezi moyo wawo wonse. Amayi a Chimalawi anaimba nthungululu, Amwenye n'kudabwa, kenako n'kuomba m'manja. Mafoni onse analoza kwa awiriwo. Ine ndinkawerenga mapazi awo, ndipo phazi lililonse ndinkati likanakhala langa.

Atamukhazika, ansembe anandikodola. Anati nditenge dzanja lamanja la mwana wanga ndiliike m'dzanja la mkwati, mayi ake athirepo madzi, ndipo pemphero likatha ndichotse langa. Anafotokozera anthu kuti apa ndiye pamene makolo amapereka mwana. Kunena zoona, mbali imeneyi anatiuza kale tsiku loyamba lija, koma ine maganizo anali pa zolowa.

Ndinagwira dzanjalo. Linali lozizira, lolembedwa maluwa ofiirira mpaka m'chigongono. Ndinakumbukira kuti ndinaligwira komaliza pomuwolotsa msewu popita kusukulu ya mkaka, ndipo kuyambira pamenepo sindinaligwirenso. Ndinaliika m'dzanja la mnyamatayo, madzi anathiridwa, koma zala zanga zinakana kuchoka. Sindinachite kuganiza ayi, zinangokana. Ansembe ankaimbabe pemphero lawo, maso ali pamoto, osandiyang'ana. Mwana wanga sanakoke dzanja. Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani, koma kenako ndinasiya, pemphero n'kutha, mwambo n'kupitirira. M'holo monse palibe amene anaonetsa kuti waona kanthu.

Pa nthawi ya chakudya ndinawapeza ansembe akusamba m'manja panja. Ndinkafuna kuwathokoza, koma nsanje sinandilole kuyamba bwino.

“Pemphero lopereka mwana lija ndi lalitali,” ndinatero.

“Ndi lalifupi,” anayankha. “Ndinachita kulibwereza.”

Ndinachita manyazi mpaka kumapazi. Ndinafunsa ngati zimenezonso anawaphunzitsa kusukulu kuja.

“Ayi. Anandiphunzitsa ndi abambo a akwatibwi. Pafupifupi onse amatero.”

Zimenezo zinandiwawanso. Ndinkayesa kuti ululu umenewo unali wanga ndekha, koma kwa iwo inali ntchito ya Loweruka lililonse. Ndinatembenuka kuti ndizipita.

“Ambiri ndimabwereza kamodzi,” anatero ansembe akupukuta m'manja. “Katatu ndi inu oyamba.”