Ili Silichapidwa

"Lachitatu, pa 8 Januwale. Ndakhala pakhomo, ndikusoka lamba wa chikwama changa cha mabuku. Nkhungu yameza mpanda. Jekete lili pamsomali, likuoneka ngati muli munthu."

Mawu amenewa ali patsamba loyamba la kope lachikuto chofiira limene ndinkabisa pansi pa mphasa, chaka chimene ndinali mu Giredi 6. Ndinali mwana wamanyazi. Zimene anzanga ankatulutsa pakamwa, ine ndinkazilemba, ndipo ndinkalemba m'Chinyanja cha kunyumba, chifukwa kusukulu kwathu ku Bvumba, kumene anzanga ankalankhula Chishona, kunalibe woti angachiwerenge n'kundiseka.

Jeketelo linali la malume. Linali lobiriwira modera ngati ndere zakale, lolemera, kolala yake yofewa ngati khutu la mwana wa mbuzi. Nsalu yake inali ya thonje koma yopakidwa phula, moti ukaikhudza chala chinkatsala chonona. Kukazizira linkauma gwa. Malume akalivula n'kulikoleka, mapewa ankatsala otukuka, zigongono zopindika, ngati mwini wake wangotulukamo pang'ono ndipo abweranso. Linkanunkha fodya, galu ndi kandulo wozima. Koma chimene chinkandiopsa kwambiri chinali chakuti mvula sinkaligwira. Madontho ankaima pamwamba ngati mikanda. Malume ankangoligwedeza kamodzi, mikanda yonse pansi, malaya am'kati ali ouma. Pa phiri paja chilichonse chinkanyowa, nkhuni, machesi, mabulangete, ngakhale mchere. Jekete lokha ayi.

Lisanakhale la malume linali la mzungu, mwini pulazi, famu yaikulu ya khofi imene tinabadwirapo. Makolo a amayi anachoka ku Malawi kalekale kudzathyola khofi, n'kumwalira pakomboni pomwepo. Amayi ndi malume sanakuoneko kumudzi kumene tinkakutchula kuti kwathu. Minda ya azungu itayamba kugawidwa kwa anthu, mzungu uja analongedza zimene zinakwana m'galimoto, ndipo pageti anavula jekete n'kuwaveka malume. Mabanja ambiri a pakomboni anabalalika, ena kutauni ku Sakubva, ena chakumalire. Ife tinatsala chifukwa cha ngalande.

Madzi a pulazi yonse ankachokera pakasupe wa m'nkhalango, pamwamba pa phiri, n'kutsika m'kangalande kopapatiza kamene kankatsekeka ndi masamba ndi matope mvula ikangogwa. Malume okha ndiwo ankadziwa pamene kamalowa pansi pa mizu, pamene kamadontha, pamene pali sefa yofunika kukolopa. Amayi ankawaperekeza nthawi zina kukatola nkhuni. Anali a msinkhu umodzi anthu awiriwa, ataliatali, ndipo ukawaona kumbuyo akukwera phiri sukanadziwa wamkazi ndi uti. Bambo amene anapatsidwa chigawo chokhala ndi komboni ananena poyera kuti, "Madzi akamabwera, khalani. Akasiya, nyumbayi ndili nayo ntchito." Choncho m'mawa uliwonse malume ankavala jekete, kunyamula khasu, n'kulowa mu guti, kamvula kowaza kosakanizika ndi nkhungu kamene ku Bvumba kuja kamatha sabata osakata.

Chakumapeto kwa chaka kunamveka kuti mzungu uja wamwalira kumene anapita. Pasanathe masiku, akazi a m'minda yatsopano anayamba kunena kuti akumuona. Ankati m'mamawa, nkhungu ikang'ambika pang'ono, pamaoneka jekete lobiriwira likuyenda m'mphepete mwa ngalande, lopanda nkhope. Ankadziwa bwino kuti ndi malume. Koma ankati malume akalivala sayenda ngati malume. Mawu amene ankatchula anali a Chishona, chipoko, ndiye kuti mzukwa. Anafika mpaka kusukulu. "Muzukuru wechipoko," ankatero anzanga, kutanthauza muphwa wa mzukwa, n'kutseka mphuno ndikamadutsa. Ndinkangolemba.

Tsiku lina madzulo amayi anaiyamba nkhaniyo akusankha nyemba.

"Achimwene, mwini wake wapita. Chovala cha womwalira sitivala chisanaone madzi. Mukudziwa inunso."

Malume anatsokomola kaye. "Ili silichapidwa."

"Palibe chovala chosachapidwa."

"Ili ayi, chemwali."

Ndinalemba mawu awiri aja, ili silichapidwa, m'kope n'kuwadula mzere pansi. Mwana amamva mawu ndi mantha amene ali nawo kale. Ine ndinamva kuti m'jeketemo muli kanthu kosafuna madzi, ndipo malume akukaopa. Sindinkadziwa kuti kwa zaka zambiri iwo ndiwo ankalisamalira jeketelo, kuliyanika padzuwa la Okutobala kuti lifewe, kusungunula phula la m'kachitini pamadzi otentha, n'kulipaka ndi kansanza, makamaka m'misoko. Kachitiniko kanatsala m'nyumba yaikulu, imene tsopano inali ya ena. Malume ankanena za nsalu. Ine ndinamva za mizimu.

Loweruka lotsatira dzuwa linatuluka, ndipo amayi ndi malume anatsika kuchigayo. Jekete linatsala pamsomali. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinateleka madzi mpaka anawira, ndinatenga bafa, sopo ndi burashi yotsukira pansi. Ndinalitsitsa ndi mpini wa tsache chifukwa ndinkaopa kulikumbatira. Poyamba linkakana kumira. Linkayandama, manja ali tambasu, ndipo ndinaliponda ndi mapazi onse awiri ndikupemphera chamumtima. Madzi anasanduka ngati tiyi, pamwamba pakuyandama mafuta. Ndinati m'mtima, ndi ameneyu, akutuluka. Ndinasintha madzi katatu. Ndinakhula mapewa, kolala, misoko, mosamala kwambiri, monga ndinkachitira chilichonse. Nditaliyanika, mapewa anagwa. Linalendewera pachingwe ngati sanza ina iliyonse, ndipo fungo lija linali litapita. Tsiku limenelo ndinalemba kuti, "Ndachita chinthu chabwino popanda kutumidwa."

Malume atabwera anaima pachingwe paja. Anapapasa nsaluyo, ananunkhiza zala zawo, anapapasanso.

"Wachapa ndiwe, mwanawe?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Layera," anatero. "Manja ako ndi amphamvu."

Sananenenso kanthu, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Lero ndimati bola akanangondikalipira.

Lolemba mvula inabwerera. Malume anachoka kungalande jekete litada bii, litamatirira kumsana, madzi akutsika m'manja mwake ngati mumpopi. Milomo yawo inali yotuwa. Tsiku lotsatira anapitanso, linzake anapitanso, chifukwa ngalande sidikira munthu kuti aume. Jekete lokha silinkauma. Ankalivala likadali lozizira ndi madzi a dzulo. Chifuwa chimene anali nacho kuyambira chaka chatha chinatsika pansi, chikumveka ngati sowo yodula mtengo wauwisi. Mwezi wa Febuluwale utangoyamba analephera kudzuka.

Amayi anawagoneka kuchipinda cham'kati n'kupachika chitenje pakhomo. Anandigwira chibwano kuti ndiwayang'ane m'maso.

"Wina akafunsa, malume ali kumtunda. Wamva?"

Ndinamva. Ndinkadziwanso chimene chidzachitike madzi akasiya. M'mawa uliwonse popita kusukulu ndinkadutsira pampopi wa pakomboni, ndikuyembekeza kuupeza wouma. Koma madzi ankabwera. Mvula inkagwa yamphamvu, masamba akugwera m'ngalande, madzi n'kumabwerabe oyera.

Loweruka lina kunafika mkazi wa mwini chigawo, ndowa ili m'manja. Anaima pakhomo pathu n'kupereka moni, amayi n'kutuluka msanga kuti asalowe.

"Achimwene anuwa ndi chitsulo," anatero mayiyo. "Ndawaona lero m'mawa pa kamlatho ka thabwa, guti yenseyu. Ndawapatsa moni kawiri, osayankha, osatembenuka. Anthu inu ndi jekete lanulo."

"Makutu, amayi," anatero amayi anga akuseka. "Akukalamba."

Kuseri kwa chitenje malume ankapuma movutikira, ndipo ine ndinkawamva. Anali atatha masiku khumi osaponda pabwalo. Ndinapita pamsomali n'kukhudza jekete ndi chala chimodzi. Linali lonyowa. M'munsi mwake munali dothi lofiira la kukasupe, ndipo m'thumba munali tsamba lauwisi la m'nkhalango. Pansi pake panali kathamanda.

Patsamba la tsiku limenelo zilembo zake ndi zazing'ono kwambiri. "Ndinachapa koma sanachoke. Tsopano akulivala yekha."

Masiku otsatira ndinkadzuka, jekete lili pamalo pake, lonyowa, likudontha pang'onopang'ono m'nyumba yachete. Ndinasiya kudutsa pansi pake. Ndinkazungulira kukhoma linalo, chikwama pachifuwa. Amayi ndinkawapeza ali pamoto kale, akuumitsa mpango, n'kunena kuti anali kunkhuni. Sindinadzifunse chifukwa chake mulu wa nkhuni sunkakula.

Amene anandichotsa theka la mantha anali aphunzitsi, osadziwa. Tsiku lina analowa m'kalasi ndi pepala, kachidutswa ka kandulo ndi kapu ya madzi. Anafunsa chifukwa chake bakha sanyowa. Kenako anakhula kandulo uja pa theka la pepala n'kudonthezapo madzi. Kumene kunalibe phula, pepala linada n'kufewa. Kumene kunali phula, madontho anaima, ozungulira, akunjenjemera. Ndinaizindikira mikanda ija. Aphunzitsi anapaka sopo kuchala n'kukhudza dontho limodzi, ndipo linaphwa n'kufalikira. Anati sopo ndi madzi otentha ndiwo adani a phula. Anzanga ankaseka, akukankhana kuti aone. Ine ndinakhala pamalo panga, manja anga amphamvu aja ali pansi pa desiki. Chimene ndinaona chikuyandama m'bafa muja sanali mzungu. Chinali chokhacho chimene chinkaima pakati pa mvula ndi chifuwa cha malume.

Ena onse atatuluka ndinatsala. Aka kanali koyamba chaka chimenecho kulankhula ndi aphunzitsi osafunsidwa.

"Madamu, kanduloyo muli naye ntchito?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kani mawu uli nawo." Anandipatsa, osafunsa zambiri.

Panopa ndimagulitsa kaunjika ku Sakubva, ndipo pakapita nthawi jekete lotere limatuluka m'belo. Wogula akandifunsa ngati limatchinga mvula, ndimamuuza zoona. Guti si kanthu kwa jekete lotere, ukhoza kuyendamo m'mawa wonse n'kubwera wouma. Mvula yamphamvu yosakata imapeza njira pamapeto pake, imayambira m'misoko ya pamapewa, makamaka phula likakalamba. Limafuna kupakidwa chaka ndi chaka. Matope uzingochotsa ndi kansanza ka madzi ozizira. Ndikafika pa mawu akuti silichapidwa, ndimawanena kawiri, ndipo ndimafotokoza chifukwa chake, ngakhale munthuyo akufulumira. Ndikudziwanso tsopano kuti phula la kandulo ndi louma kwambiri, limangosweka n'kuyoyoka nsalu ikapindika. Ndikudziwa kuti chifuwa cha malume chinali chachikulu kuyambira kale, anatero achipatala pamene tinawapititsa, ndipo nyengo yozizira isanathe tinawaika. Zonsezi ndikuzidziwa. Sizifika pamene pamapweteka.

Chomaliza kuchidziwa chinali chapafupi kuposa zonse. Ndinali mayi wa ana awiri pamene ndinawafunsa amayi za masabata aja. Anati, "Linkalemera ngati chikopa chauwisi." Ndiwo ankadzuka ine ndili m'tulo, kuvala jekete la mlongo wawo ndi chipewa chake, kukweza kolala, n'kukwera phiri ndi khasu. Sankayankha moni chifukwa mawu akanawaulula. Anandibisira chifukwa mwana, ngakhale wachete, amatha kufunsidwa. Dzina la chipoko linkawathandiza. Palibe amene ankafuna kuyandikira kuti aone nkhope.

Koma madzulo a tsiku la kandulo ndinalibe nzeru zimenezi. Amayi ankandiluka tsitsi pakhomo, zala zawo zozizira ngati miyala ya mumtsinje, zochekekachekeka ndi udzu, ndipo ankatsokomola pang'ono, kukamwa ali tseke. Ine maso anga anali pamsomali. Atamaliza ndinatenga kope.

"Lachinayi. Kandulo ndabisa m'sokosi. Mawa ndikaweruka ndiliyanika pafupi ndi moto, likauma ndilipaka pamapewa ndi m'misoko monse. Ndiligwira ndi manja, osati ndi tsache. Sindikudziwa amene akulivala. Kaya ndi mzungu, kaya ndi ndani, akutibweretsera madzi. Asamanyowe."